Salah wa lelo, Palmer wa mawa

Mu ligi yathu tilimo anthu 8, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anapondapo ku England. Pali aphunzitsi awili, ine wa masamu ndi mnzanga wa Geography. Pali wometa tsitsi wa ku Maramba, nesi wa ku Dambwa, woyendetsa taxi, ndi mkulu wina amene amalembela amalole mapepala pa mlatho wa Kazungula. Pali ba mudala amene anapuma nchito ku njanji. Wamng'ono pa tonse ndi mnyamata wa ku Libuyu amene ndinamuphunzitsa kucokela Grade 10 mpaka Grade 12. Masiku ano amanyamula katundu wa alendo opalasa mabwato a mphila pa Zambezi, kutsika ndi kukwela phompho la Batoka dzuwa lili pamutu. Tonse 8 timakangana caka cathunthu pa nkhani ya osewela amene satidziwa ndipo sadzatidziwa.

Ambili a inu mumadziwa Fantasy Premier League. Inayamba mu 2002, ndipo mu sizoni ya 2024/25 anthu oposa 11 miliyoni anali kusewela. Amakupatsa £100 miliyoni yongoyelekezela, ugule osewela 15, usankhe kapitao, basi. Aliyense m'komboni angakhale ndi Haaland nthawi imodzi. Ife timasewela mtundu wina wake, wa Draft, umene unabwela mu 2017. Mmenemo mulibe ndalama yogulila ndipo mulibe kapitao. Wosewela aliyense amakhala wa munthu mmodzi cabe mu ligi yonse. Mumasankha mosinthana, wina atenge, wina atenge, mpaka aliyense akwanitse agolokipa awili, ochinga kumbuyo 5, apakati 5 ndi akutsogolo atatu. Ukafuna wosewela amene ali kwa mnzako, palibe batani limene ungadinize kuti umutenge mwini wake asanavomele. Uyenela kupita kwa mwini wake, mukambilane ngati anthu ogulitsana mbuzi.

Tinayamba mu August 2021, ndipo cifukwa cake n'cosabisika. Caka cimeneco Patson Daka anacoka ku Salzburg kupita ku Leicester, Enock Mwepu nayenso n'kupita ku Brighton. Kuyambila masiku a Collins Mbesuma ku Portsmouth ndi Emmanuel Mayuka ku Southampton tinali kuyembekezela mwana wa kwathu woti akhazikike mu ligi imeneyo, ndiye anabwela awili nthawi imodzi. Pa 16 October Daka anagoletsa Manchester United, kukhala m'Zambia woyamba kuingiza cigoli mu Premier League. Patapita milungu iwili Mwepu anagoletsa pa Anfield. Mwezi umenewo palibe anagona msanga pa gulu lathu la WhatsApp.

Lamulo limene linasintha ligi yathu linabwela ndi mnyamata wa ku Libuyu. Kumapeto kwa caka cimeneco, alendo atayamba kubwelela pang'onopang'ono pambuyo pa Covid, ananyamulila katundu mzungu wina wa ku Canada. Pokwela phompho anayamba kukamba za mpila, mzunguyo n'kunena kuti kwao amasewela zofanana, koma ndi hockey ya pa madzi oundana ya ligi ya NHL. Anati ligi yake ndi anzake simatha sizoni ikatha. Aliyense amasunga osewela angapo n'kulowa nawo caka cotsatila, ndipo iye anali atasunga Sidney Crosby wa Pittsburgh Penguins kwa zaka zoposa 10. Kumeneko amati keeper league. Anafotokozanso kuti ikayandikila nthawi yotseka msika, ligi imagawika pawili. Amene aona kuti cikho cili pafupi amagula akatswili a lelo. Amene aona kuti caka cawathela amagulitsa akatswili awo n'kutenga anyamata a mawa.

Ife madzi oundana timawaona m'filiji cabe, magetsi akakhalapo. Hockey yoteloyo sitinaipenyepo ndi maso. Koma nzelu yake tinaimva msanga, cifukwa ndi imene agogo athu amacita posankha ng'ombe yogulitsa ndi yosiya m'khola.

Pulogalamu ya pa foni ilibe malo osungila osewela, conco tinagula buku la cikuto colimba, ngati limene ana a sukulu amalembamo manotsi. Anandipatsa ine kuti ndizilisunga, akuti mphunzitsi wa masamu sangasoceletse manambala. Malamulo ali pa tsamba loyamba. Sizoni ikatha aliyense angasunge osewela atatu. Kusunga kuli ndi mtengo: wosewela amadya laundi imene unamutengela, ndipo caka ciliconse mtengowo umakwela malaundi awili. Amene unamutola wopanda mwini pakati pa sizoni amawelengedwa ngati wa laundi yothela, ya 15. Wa laundi yoyamba amakhalabe wa laundi yoyamba. Palibe wosungidwa kuposa katatu, ndipo ciwelengelo cimeneco cimatsata wosewela ngakhale asinthe mwini. Amene wathela kumbuyo ndiye amayamba kusankha. Tikasankhana onse 120 m'buku, timangolowa pa foni kukatenga aliyense amene buku lamupatsa. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima pafupifupi tsiku lonse, mafoni anali kufa limodzilimodzi, koma buku silinafune kuchajiwa.

Lamulo la mtengo ndilo limapangitsa munthu kuganiza. Mu ligi wamba umafunsa funso limodzi: ndani adzagoletsa Ciwelu? Mu ligi yosunga umafunsa mafunso atatu. Adzandipatsa ciani mlungu uno? Adzakhala kuti zaka ziwili zikubwelazi? Nanga ndikumulipila laundi iti? Wosewela wabwino wa laundi yoyamba ndi wabwino cabe, cifukwa walipila zonse zimene akuyenela. Cuma ceniceni cili mwa amene unamutola pansi anthu asanamuone. Pa 1 September 2023 Cole Palmer anacoka ku Manchester City, kumene anali kukhala pa benchi, kupita ku Chelsea. Mu October mnyamata wa ku Libuyu anamutola wopanda mwini. Sizoni imeneyo Palmer anagoletsa zigoli 22 mu ligi ndipo anatsogola pa mapointi onse a fantasy ndi 244. Mu August 2024 mnyamatayo anamusunga pa laundi 13, pamene enafe tinali kutola magolokipa a pa benchi. Tonse tinadziwa kuti m'buku lonse mulibe dzina lamtengo kuposa limenelo.

Koma buku limakuphunzitsanso kuti mawa alibe mwini. Mu August 2022 ba mudala anasunga Mwepu. Anali ndi zifukwa zabwino. Mnyamatayo anali ndi zaka 24, anali atagoletsa ndi kupatsila cigoli pamene Brighton inagonjetsa Arsenal mu April, ndipo aliyense anali kuona kuti akukwela. Pa 10 October 2022 kunamveka kuti Mwepu waleka mpila cifukwa ca matenda a mtima obadwa nawo. Tinauza ba mudala kuti tiwapatse mwayi wotola wina aliyense wopanda mwini asanasankhe wina. Anakana. Anasiya dzina la Mwepu pa benchi yawo mpaka May, malo amodzi osabweletsa pointi ngakhale imodzi kwa miyezi 7. Titawafunsa anangoti mwana sacotsedwa m'nyumba cifukwa wadwala.

Ine wanga anali Mohamed Salah. Ndinamutenga pa laundi yoyamba mu 2021 ndipo ndinamusunga mu 2022, 2023 ndi 2024. Katatu kanakwana. Mwa lamulo lathu, May 2025 akafika anayenela kubwelela pagulu, kaya ndifune kaya ndisafune. Pakati pa January 2025 ndinali pa nambala 6, kutali ndi ndalama, ngakhale kuti Salah anali ndi zigoli 18. Ochinga kumbuyo anga anali ovulala ndipo akutsogolo anali kugona. Pamwamba panali mkulu wa ku Kazungula. Waciwili anali mnyamata wa ku Libuyu, kumbuyo ndi mapointi 41.

Tsiku lina nditaweluka ndinamupeza akundiyembekezela panja pa geti ya sukulu, atabisala mvula pansi pa mtengo. Sanafune kulemba pa foni.

"Ba Madam, nifuna Salah," anatelo. "Nikupatseni Palmer na laundi yanga yaciwili ya August."

Ndinamufunsa ngati wawelenga bwino. Palmer anali atangogoletsa cigoli cake ca 14 pa 14 January, posewela ndi Bournemouth. Anali ndi zaka 22, Salah 32. Palmer akanatha kusungidwa kawili kena, pa laundi 11 ndi pa laundi 9. Salah anali wa miyezi inayi cabe.

Anali atawelenga kuposa ine. Anandikumbutsa kuti masewela a Everton ndi Liverpool a pa 7 December anaimitsidwa cifukwa ca cimphepo, conco Liverpool inali ndi masewela amodzi m'thumba, ndipo mlungu wina Salah adzasewela kawili. Anali ataona kuti Chelsea yayamba kutsimphina kucokela pa Khisimasi. Ndinamuuza kuti ngati ndi telo, Palmer yekha akwana, laundi aisunge.

"Iyayi Ba Madam. Mukacotsa laundi, ba ku Kazungula bazakamba ati mwanipatsa cabe cifukwa ndine mwana wanu wa m'kalasi. Lekani nilipile vonse, pasapezeke wokamba."

Aliyense wa ife amaponya K250 poyamba sizoni. Pa K2,000 imeneyo woyamba amatenga K1,400, waciwili K600. Mnyamatayo anali kusonkhanitsa ndalama ya sukulu yoyendetsa galimoto. Nchito ya pa mtsinje imayendela madzi. Kucokela ca mu August mpaka December madzi amakhala otsika ndipo mabwato amacoka pansi penipeni pa Mosi-oa-Tunya. Mvula ikadzaza mtsinje ulendo umafupika, ndiyeno umaimilatu kwa kanthawi, onyamula katundu n'kukhala kunyumba. Woyendetsa galimoto ya alendo amagwila caka conse.

Ndinavomela, ndipo madzulo amenewo ndinalemba pa gulu. Lamulo lathu limati kusinthana kumaima pokhapo anthu anayi mwa 6 otsalawo akane. Foni inalila mpaka usiku, mpaka wometa tsitsi anati nkhani yotele siweluzidwa ndi zala, tibwele ku shopu yake pa Sondo masana.

Kumeneko ndinaimbidwa milandu iwili yotsutsana. Mkulu wa ku Kazungula anati ndikupeleka cikho kwa mwana wanga wa m'kalasi. Anati munthu wa nambala 6 alibe cotaya, ndiye akugawa Salah ngati nsima ya pa malilo, ndipo iye wagwila nchito miyezi isanu kuti aphedwe ndi anthu awili ogwilizana. Mnzanga wa Geography, mothandizidwa ndi nesi, anati ndikumudyela mwana. Anati mnyamata amene anakhala zaka zitatu akuimilila ndikalowa m'kalasi sangakambilane nane za malonda ngati wofanana naye. Anatenga pepala n'kuwelengela: kusiyana kwa woyamba ndi waciwili ndi K800 cabe, ndipo pa K800 imeneyo mwana akutaya zaka ziwili za Palmer ndi laundi yaciwili pamwamba.

Ndinawayankha kuti milandu iwiliyi siingakhale yoona pamodzi. Ngati ndamupatsa mphatso ndiye kuti sindinamubele, ndipo ngati ndamubela ndiye kuti sindinamupatse mphatso. Wina akaona kuti wogula walipila zocepa, wina n'kuona kuti walipila zambili, mtengo uyenela kuti uli capakati. Malonda a mu ligi yosunga amakhala otelo nthawi zonse, cifukwa awiliwo sakufuna cinthu cimodzi. Wina akugula miyezi, wina akugula zaka.

Koma nkhawa ya mnzanga wa Geography sinali yopusa, ndipo siinathe ndi masamu. Iye ndi ine timaona caka ciliconse ana akusowa m'kalasi pakati pa temu. Wina wapita kukagulitsa ziboliboli kwa alendo pafupi ndi mlatho wa Victoria Falls, wina wakwela lole ya ku Kazungula ngati wothandiza dalaivala. Ndalama ya tsiku limenelo imaoneka yaikulu, ndipo patapita zaka zisanu umakumana naye pa Mosi-oa-Tunya Road akukufunsa ngati angalembenso mayeso. Nchito yathu yonse ndi kuuza mwana kuti apilile lelo cifukwa ca mawa. Mnzangayo ataona mnyamata akugulitsa mawa ake, ngakhale a m'masewela, mtima wa uphunzitsi unamuwawa.

Mnyamatayo anakhala cete mpaka onse atatha. Ndiyeno anatembenukila mnzangayo mwaulemu.

"Ba Sir, imwe mufola mwezi ulionse, mvula ikagwa olo isagwe. Mungayembekeze Palmer zaka ziwili. Ine nifola madzi akatsika. Nikapeza laisensi caka cino, caka ca mawa K250 siizanivuta. Nikapanda kuipeza, mwina na mu ligi sinizakhalamo."

Pamenepo m'pamene nkhani inaonekela bwino kwa ine. M'kalasi ndimaphunzitsa za ciwongola dzanja, kuti K100 ya lelo si yofanana ndi K100 ya zaka ziwili zikubwela. Cimene buku la masamu silinena n'cakuti kusiyanako kumadalila thumba la munthu. Kwa ine wa malipilo, kuyembekeza n'kochipa. Kwa amene nchito yake imatha mu March, kuyembekeza n'kodula kwambili. Ndiponso mnyamatayo sanali kutaya tsogolo kuti adye lelo, ngati ana amene amatithawa m'kalasi. Anali kugulitsa tsogolo la m'buku kuti agule tsogolo la kunja kwa buku. Pa tonse 8, iye ndiye anali kusewela ligi yosunga mozama kuposa wina aliyense, kungoti cimene anafuna kusunga sicinali wosewela.

Wa ku Kazungula, wa Geography ndi nesi anakana. Wometa tsitsi ndi wa taxi anavomela. Panatsala ba mudala, amene nthawi yonseyi anali kupukuta magalasi awo. Anati iwo anagwila nchito zaka 30 akusungila mawa, ndipo mawawo atafika anapeza kuti ndalama ija yacepa mphamvu, thumba la unga lakwela kuisiya kumbuyo. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Anatinso mwana akafika potha kuwelenga yekha phindu ndi kutaya, akulu aleke kumugwila dzanja. Okana anathela pa atatu, ndipo ndinalemba m'buku ndi inki yabuluu.

Zimene zinatsatila mukuzidziwa. Salah anagoletsa Ipswich, anagoletsa ziwili ku Bournemouth, anagoletsa pa Goodison Park pa 12 February m'masewela aja a m'thumba, ndiyeno Wolves, Aston Villa ndi Manchester City motsatana. Palmer wanga sanaonenso ukonde mpaka pa 4 May, pamene anagoletsa penati posewela ndi Liverpool yomweyo. Milungu yonseyo wa taxi anali kundiimbila hutala akandipitilila pa msewu, akufuula kuti andigulitsa galimoto yopanda injini. Sindinadandaule. Ndinali nditagula za August, osati za February.

Mnyamatayo anapitilila wa ku Kazungula mu March. Ndiyeno Salah anazizila mu April, mpata unayamba kucepa, ndipo pa 25 May, tsiku lothela, anali kusinthana malo mphindi iliyonse. Masewela onse 10 anayamba pamodzi 17 koloko ya kuno. Liverpool inali kumbuyo 1-0 kwa Crystal Palace mpaka cakumapeto, pamene Salah anabweza. Cinali cigoli cake ca 29, ndipo anatsiliza ndi mapointi 344, oculuka kuposa amene wina aliyense anapezapo mu sizoni imodzi ya fantasy. Mnyamata wa ku Libuyu anapambana ndi mapointi anayi. Cigoli ca wapakati cimapatsa asanu.

Sindinganene kuti zotsatilazo ndizo zinalungamitsa malonda athu. Mpila uja ukanagunda cipilala, iye akanathela pa nambala 2, wopanda Palmer, wopanda laundi yaciwili, ndipo malondawo akanakhalabe acilungamo monga mmene analili pa tsiku limene tinalemba. Malonda amaweluzidwa ndi zimene onse awili anali kudziwa pa nthawi yogwilana canza. Wa ku Kazungula sanavomeleze zimenezi. Anakhala milungu itatu osalemba kanthu pa gulu, ndipo atabwela anabwela ndi pempho lakuti kuyambila sizoni ino msika uzitsekedwa pa 31 December. Tidzavota pa tsiku losankha. Ndikuganiza kuti ali ndi mfundo, ngakhale kuti ine ndingakonde kumapeto kwa January.

K1,400 siinakwane sukulu yoyendetsa galimoto. Anaphatikiza ndi imene anali atasunga, analipila gawo loyamba, ndipo anayamba mu June. Yotsalayo akuyembekezela madzi atsike.

Ena amandifunsa ngati zimenezi si njuga cabe yovala jekete. Funsolo ndimalimva, cifukwa ndimaona anyamata a msinkhu wa ana anga a m'kalasi ataunjikana pa mashopu a kubecha, ndipo ena amabechela pa foni pansi pa desiki. Ndalama ilipo mu ligi yathu, sindingabise. Koma imaponyedwa kamodzi pa caka, imakhala m'manja mwa munthu amene tonse timadziwa pakhomo pake, ndipo imabwelela yonse kwa ife. Ukaluza Ciwelu palibe njila yothamangitsila zimene wataya pa Sondo. Uyenela kuyembekeza milungu 38. Tiketi ya kubecha imakuphunzitsa kuti moyo ungasinthe pa mphindi 90. Buku lathu limakuphunzitsa kuti cimene wasankha mu October 2023 cidzakupeza mu January 2025, ndipo udzacigulitsa kwa munthu amene udzakumana naye mawa pa msika wa Maramba.

Polemba izi mu 2025, tili mu nyengo yokonzekela, imene ine ndimaikonda kuposa sizoni yeniyeniyo. Ligi iyamba pa 15 August 2025, ndipo maina osunga ayenela kufika kwa ine mlungu umodzi tisanasankhe. Leicester, Ipswich ndi Southampton zatsika, conco Daka wacoka m'buku kaciwili, monga mu 2023, ndipo nesi amene anali naye sadzalandila ciliconse m'malo mwake. Leeds, Burnley ndi Sunderland zakwela, ndipo mwina Palmer wina ali mmenemo, wosadziwika, woyembekezela laundi 14. Malamulo a mapointi asinthanso: ochinga kumbuyo ndi apakati amene amalanda ndi kucotsa mipila yambili azipatsidwa mapointi awili owonjezela. Osewela amene tinali kuwanyoza kuti sagoletsa akwela mtengo usiku umodzi, ndipo amene ali nawo pa laundi yotsika akumwetulila.

Palinso AFCON. Iyamba pa 21 December 2025 ku Morocco ndi kutha pa 18 January 2026, pakati penipeni pa nyengo imene ku England amasewela masiku atatu alionse. Chipolopolo ili m'gulu limodzi ndi Morocco, Mali ndi Comoros, ndipo milungu imeneyo mitima yathu idzakhala kumeneko. Koma buku silidzaima. Amene adzaza timu yake ndi ana a mu Africa adzasangalala mpaka December, ndiyeno adzayang'ana benchi yopanda anthu. Mnzanga wa Geography wajambula kale chati ca maiko, amene angatuluke msanga ndi amene angafike kumapeto.

Tsamba limodzi ndinalitsegula mosafuna. Pa 3 July Diogo Jota anamwalila pa ngozi ya galimoto ku Spain pamodzi ndi mng'ono wake André Silva. Dzina lake linali pa mzele wa wometa tsitsi. Wosewela akacoka mu ligi ndimadula dzina lake ndi inki yofiila. Ili sindinalidule, ndipo palibe amene wandifunsa cifukwa cake.

Pa 13 July Palmer anagoletsa ziwili pamene Chelsea inagonjetsa Paris Saint-Germain 3-0 mu fainolo ya Club World Cup. M'mawa mwake ndinapeza uthenga wocokela ku Libuyu: "Ba Madam, mumusamale mwana wanga." Ndinamuyankha kuti mwana ali bwino, iye asamale magiya.

Monga wopambana, adzasankha wothela pa laundi yoyamba, nambala 8. Nambala 9 inali yake, tsopano ndi yanga. Adzakhala manja ali m'thumba mpaka nambala 24, akuona maina abwino akupita limodzilimodzi, ndipo amadziwa zimenezo kuyambila tsiku limene anandipempha Salah. Ine ndili ndi nambala 3, 9 ndi 14, ndi Palmer pa laundi 11. Salah anasaina zaka zina ziwili ku Liverpool mu April, ndipo wabwelela pagulu, wopanda mwini, ciwelengelo cake cayambilanso. Ali ndi zaka 33 ndipo Egypt idzamutenga mu December. Ngati awili oyamba amuopa, adzafika pa nambala 3. Ndakhala ndikulemba dzina lake ndi pensulo pa pepala langa, kufufuta, n'kulembanso, ndipo kwatsala milungu iwili.